Cibvomezi Cimasula Phiri, Mvula Ndiyo Iligwetsa

Alimi anzanga, ndilemba nkhani iyi ndiri ku Mgona, m'mzinda wa Lilongwe, kumene munthu angathe kuyenda tsiku lathunthu osakomana ndi citunda comupumitsa. Kapena wina adzati, kodi munthu wa pa cidikha cotere adziwanji za mapiri? Koma Mgona ali pa khomo pa Kanengo. Mabelo a fodya opita ku okushoni adutsa pafupi ndi ife. Mtedza ndi soya za pa msika wathu zicokera ku Dowa, ku Ntchisi, ku Dedza ndi kwina kotere. Ndipo ambiri a ife okhala m'nyumba za lendi muno tiri ndi munda kumudzi, ndi makolo amene agona usiku uli wonse patsinde pa phiri. Cotero nkhani ya mapiri iri yathu ndithu.

Cimene candilembetsa ndi funso la mkulu wina wa ku mapiri a Dedza, amene anagona kwa mwana wace kuno masiku atatu podikira kuti fodya wace agulidwe. Tinakhala pa khonde madzulo, ndipo atadziwa nchito yanga anati: "Alangizi, ndikufunseni. Kwathu kunadutsa kacibvomezi usiku, kakang'ono, kongoliza mbale ndi malata. Kutaca ndinakwera kumunda, ndipo pamwamba pa mizere yanga ndinapeza nthaka itang'ambika, mng'alu wolowa dzanja, wautali ngati kucokera pano kufika pa mpope uja. Phiri silinagwe. Kodi ndiye kuti tapulumuka?"

Ndinawafunsa kuti nyumba yao iri kuti. Anati iri kunsi kwa munda womwewo. Pamenepo ndinati, "Iai bambo, simunapulumuke. Mwangopatsidwa nthawi." Ndipo zimene ndinawafotokozera usiku umenewo ndizo ndifuna kukufotokozerani inu nonse.

Cifukwa cace dziko lathu ligwedezeka

Amene anayendapo pa mseu wa ku Salima adziwa kuti galimoto ikapitirira mapiri a Dowa iyamba kutsika, ndi kutsikabe, kufikira makutu atseka. Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, Salima ali pa mamita ngati 500, ndipo pansi peni peni pa nyanja yathu, kumpoto, madzi azama mamita pafupifupi 700. Cigwa cacikulu cimeneci sicinakumbidwe ndi madzi. Dziko la Africa liri kung'ambika pang'ono pang'ono kucokera ku Ethiopia kufikira ku Mozambique, ndipo ife tiri pa mng'alu pomwepo. Mbali ziwirizo zitalikirana mamilimita owerengeka okha pa caka, mocepa kuposa umo cikhadabo ca munthu cikulira. Koma thanthwe silitanuka ngati mphira. Lipirira zaka mazana, kenaka lithyoka tsiku limodzi, mbali ya kucigwa nitsika. Kuthyoka kumeneko ndiko ticha cibvomezi.

Taonani tsono cinthu ici: mapiri otsetsereka a Dedza, a Ntcheu, a Dowa, a Livingstonia ndi a Thyolo anaima cotero cifukwa ca zibvomezi zomwezo, zikwi ndi zikwi za izo, m'zaka zosawerengeka. Ndiye kuti malo amene ali otsetsereka koposa ndiwonso ali pafupi koposa ndi ming'alu yobala zibvomezi. Umodzi wa ming'alu imeneyi, wochedwa Bilila-Mtakataka, uyenda patsinde pa mapiri a Ntcheu ndi Dedza mtunda woposa makilomita 100. Akatswiri awiri, James Jackson ndi Tom Blenkinsop, anaulongosola mu 1997, ndipo anaonetsa kuti utati uthyoke wonse nthawi imodzi, cibvomezi cace cingakhale ca mphamvu yoyandikira 8 pa muyeso wa zibvomezi. Pa muyeso umenewu kukwera nambala imodzi ndiko kuculukitsa mphamvu nthawi ngati 30, kotero kusiyana kwa 6 ndi 8 sikuli kwa masewera.

Ca 6 tinacilawa kale. Usiku wa pa 10 March 1989 cibvomezi ca mphamvu yopitirira 6 pang'ono cinacokera pansi pa dziko la Salima. Anthu 9 anafa, ngati 100 anabvulala, ndipo ngati 50,000 anatsala opanda pogona. Cinamveka m'cigawo conse capakati, ndi ku Zambia ndi ku Mozambique komwe. Ine ndinali khanda. Amai anandiuza kuti anandinyamula ndi nsaru yomwe nathawira pabwalo, nkhuku ziri kulira m'khola pakati pa usiku. Mu December 2009 zibvomezi zinatsatana ku Karonga kwa masabata awiri, kuyambira pa 6 mwezi umenewo. Anthu 4 anafa, nyumba zikwi zambiri zinagwa kapena kung'ambika, ndipo m'madambo nthaka inatseguka nilabvula mcenga ndi madzi. Sungani miyezi iwiriyo m'mutu, March ndi December, pakuti tidzabwererako.

Cimanga ca pa licero

Pamene ndinali kuphunzira uphunzitsi tinauzidwa kuti mwana samvetsa cinthu kufikira ataciona ndi maso, ndipo ndapeza kuti akulu ali cimodzimodzi. Cotero tengani licero, thiranimo cimanga cotonola, ndi kulipendeketsa pang'ono. Cimanga cikhala cete. Kulemera kwace kucikokera kunsi, koma njere zigwirana, ndipo zigwiranso nsungwi za licero. Tsopano gogodani m'mphepete mwa licero ndi cala. Pa kugogoda kuli konse njere zisendera kunsi pang'ono, ndipo palibe imodzi imene ibwerera kumtunda. Mukagogoda kolimba, conse citsikira pamodzi.

Dothi la pa phiri likhala monga cimanga cimeneco. M'malo ambiri liri locepa, mita imodzi kapena awiri, ndipo pansi pace pali thanthwe lopendekeka. Tsiku liri lonse pali mkangano wa mphamvu ziwiri. Yoyamba ndiyo kulemera kwa dothi, kumene sikugona usiku kapena usana. Yaciwiri ndiyo kugwirana: makande omata, miyala yolowana, mizu ya mitengo yoluka dothi monga mphasa ndi kulowa m'ming'alu ya thanthwe. Pokhala yaciwiri ipambana, phiri liri ciimire, ndipo ife tinena kuti malo ano ndi abwino, agogo athu analima pomwepa. Koma sitidziwa kuti ipambana ndi pang'ono bwanji.

Kulemera kumeneku tisakupeputse. Dothi lonyowa lakuya mita imodzi pa ekala imodzi lilemera matani oposa 7,000. Mvula ya inchi imodzi yokha ikagwa pa ekala ndi kulowa pansi yonse, yaonjezapo matani 100, ndiko kunena matumba 2,000 a cimanga. Mlimi amene ali ndi maekala awiri pamwamba pa nyumba yace agona kunsi kwa katundu wotere.

Cibvomezi cikafika cicita zinthu zingapo nthawi imodzi. Cikankha phiri cam'mbali, uku ndi uku, kambiri m'kamphindi, ndipo kukankha kuli konse kolozera kunsi kuthandiza kulemera kuja. Cithyolanso kugwirana. Cibuma couma ciri colimba, koma mukaciswa ndi khasu simungacibwezere kulimba kwace mwa kungosonkhanitsa zidutswa. Momwemonso dothi limene lasendera kamodzi, ngakhale kutalika kwa cala, mizu yace yaduka ndipo pansi pace pasalala. Cinanso, pamwamba pa phiri ndi pa misana ya zitunda pagwedezeka koposa patsinde, monga nsungwi imene mukaigwedeza pansi, nsonga yace ndiyo ipita kutali. Ncifukwa cace zigumukire za cibvomezi ziyambira kawiri kawiri pamwamba peni peni, pamene za mvula yokha ziyambira m'makwawa ndi m'malo olowa, m'mene madzi asonkhana. Miyala ikuluikulu yokhala pamwamba pa inzace, yonga tiiona ku Nkhoma ndi ku Chongoni, ndiyo iyamba kugwa. Cibvomezi ca mphamvu ya 4 cikwanira kugubuduza miyala yotere. Ca 6 kapena 7 cingagwetse mbali zathunthu za mapiri m'dera lalikulu.

Koma coopsa koposa cicitika m'madzi a m'nthaka. Pitani ku mtsinje, imani pa mcenga wonyowa umene uoneka wouma pamwamba, ndi kupondaponda pamalo amodzi. Posacedwa madzi aturuka, mcenga usanduka phala, ndipo mapazi amira. Cacitika nciani? Poyamba njere za mcenga zinali kusenzana zokha, madzi ali m'mipata. Pogwedezeka njere zifuna kuthithikana, madzi asowa kothawira msanga, ndipo kwa kanthawi katundu yense asenzedwa ndi madzi. Madzi sagwira kanthu. Ici ndico cinacitika m'madambo a Karonga mu 2009. Pa cidikha nyumba ingopendama kapena kung'ambika. Pa mtsetse, dothi losanduka phala liyenda.

Zimene anaona anzathu a kutali

Ku Peru, m'dziko la South America, kuli cigwa ca alimi a cimanga ndi mbatata, cokhala kunsi kwa phiri lalitali lochedwa Huascarán, la mamita oposa 6,700, limene pamwamba pace pakhala madzi oundana caka conse. Lamulungu masana, pa 31 May 1970, cibvomezi ca mphamvu ya 7.9 cinacokera pansi pa nyanja yamcere, kutali ndithu ndi phirilo. Cinathyola cigawo ca thanthwe ndi madzi oundana pafupi ndi nsonga. Potsika, cigumukireco cinakokolola dothi ndi miyala ya m'njira, madzi oundana anasungunuka, ndipo conse cinasanduka matope othamanga koposa galimoto iri yonse ya pa mseu. Mzinda wa Yungay unali pa mtunda wa makilomita ngati 15. Matope anafika m'mphindi zitatu kapena zinai, nadumpha citunda cimene anthu anali kucikhulupirira kuti ciwachinjiriza, nakwirira mzinda wonse pamodzi ndi anthu zikwi zambiri. Ena mwa opulumuka ndiwo anathamangira ku manda, pakuti manda a Yungay anali pa kaphiri.

Pali ziwiri zoti titolepo. Coyamba, phiri logwa silisowa kukhala pamwamba pa cibvomezi. Kugwedeza kuyenda kutali. Caciwiri, phiri lomwelo linali litagumukapo kale mu January 1962, popanda cibvomezi, ndi kukwirira mudzi woyandikana nao wa Ranrahirca. Cenjezo linalipo, la zaka zisanu ndi zitatu.

Ku China, m'cigawo ca mapiri ca Sichuan, cibvomezi ca pa 12 May 2008 cinapha kapena kusowetsa anthu oposa 80,000, ndipo mwa iwo ngati 20,000 anafa ndi kugumuka kwa mapiri, osati ndi kugwa kwa nyumba. Mapiri anagumuka m'malo zikwi makumi ambiri. Zina mwa zigumukire zinagwera m'mitsinje ndi kuitseka, nipanga nyanja zatsopano kumtunda. Yaikulu ya izo, ya Tangjiashan, inacititsa Boma kusamutsa anthu oposa 200,000 a kunsi kwace, asilikari ali kukumba ngalande usana ndi usiku kuti madzi aturuke pang'ono pang'ono khoma la dothi lisanaphulike. Koma mbali ya nkhaniyi imene ikhudza mkulu uja wa ku Dedza inadza pambuyo. Dothi lomasuka linatsala lolenjekeka m'mapiri. Mu August 2010, zitapita zaka ziwiri, mvula yamphamvu inalitsitsa, ndipo matope analowa m'midzi ya Qingping ndi Yingxiu, m'mene anthu anali atamanga kale nyumba zatsopano. Akatswiri anapeza kuti citapita cibvomezi, mvula yocepa kuposa ya kale inali kukwanira kugwetsa phiri, ndipo zinakhala cotero zaka zingapo.

Ku Japan, pa cisumbu ca Hokkaido, zinatsatana mwa njira ina. Kunagwa mvula yambiri miyezi ingapo, namondwe anadutsa, ndipo m'bandakuca wa pa 6 September 2018 cibvomezi cinapeza mapiri ali okhuta madzi. Zitunda zikwi zingapo zinasendeka khungu m'mphindi imodzi, ndipo ku Atsuma anthu 36 anakwiririka m'nyumba zao zimene anazimanga mondanda patsinde pa phiri, kuti malo abwino a pa cidikha atsalire mpunga. Ndani wa ife sacita cimodzimodzi?

Napolo

Tsopano tibwerere kwathu. Tiyenera kunena zoona: kugumuka kwakukulu kumene dziko lino lakuona kunadza ndi mvula, popanda cibvomezi. Mu December 1946 pa phiri la Zomba panagwa mvula yoposa mainchi 20 m'masiku awiri. Matope ndi miyala zinatsika, zinakokolola milatho ndi midzi, ndipo anthu oposa 20 anafa. Pa 10 March 1991, tsiku lomwelo la cibvomezi ca ku Salima koma zitapita zaka ziwiri, phiri la Michesi linatsanulira pa Phalombe miyala yonga nyumba, ndipo anafa anthu mazana angapo. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa mbali ya phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe, anafafaniza mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu, nacita zomwezo ku Mulanje ndi ku Phalombe; akufa ndi osowa anapitirira 1,000.

Akulu anati ameneyu ndi Napolo, cinjoka cokhala pansi pa phiri, cimene cikafuna kusamukira kunyanja cinyamuka ndi miyala ndi mitengo. Ine sindiseka mau amenewa monga acitira anyamata ena a sukulu. Amene anawapeka anapenya bwino. Anaona kuti cinthuci cicokera pansi osati pamwamba, kuti cilira cisanaoneke, ndiponso kuti ciri ndi njira yace imene cibwerezanso. Madzi saiwala khwawa. Mukaona mwala waukulu ngati nkhokwe uli pakati pa munda wanu, kutali ndi phiri, dzifunseni kuti unabwera ndi yani. Dothi lokoma la pakamwa pa khwawa, limene libala cimanga ca zitsononkho ziwiri, linatsika ndi Napolo wakale, ndipo njira imene anadzera ikali yotseguka.

Kumbukirani tsono miyezi ija. Cibvomezi ca Salima cinadza mu March, nthaka itakhuta mvula ya dzinja lonse. Za Karonga zinadza mu December, mvula iri kuyamba, miyezi inai ya madzi iri patsogolo. Cibvomezi sicisankha nyengo, koma m'dziko limene mvula igwa kuyambira November kufikira April sikubvuta kuti ziwirizi zikomane. Cikadza m'dzinja, cipeza phiri lolemera ndi loterera, ndipo ligwa pomwepo. Cikadza m'cirimwe, cisiya ming'alu pamwamba, ndipo mng'alu uli wonse ndi kamwa. Mvula yoyamba, m'malo moyenderera pamwamba, ilowa m'kamwamo ndi kutsikira pa thanthwe, pamalo pomwe dothi linasendera. Phiri limene linapirira cibvomezi mu September lingagwe mu February ndi mvula wamba, anthu ataiwala kale, ndipo adzati ndi ufiti.

Za mizere yathu ndi nkhwangwa zathu

Pano ndiyenera kunena mau amene ena a nchito yanga sadzakondwa nao. Ife alangizi taphunzitsa zaka zambiri kuti madzi a mvula asacoke m'munda: limani mizere yopingasa, tsatani akalozera, mangani ngonyeka, kumbani maenje ogwira madzi. M'zaka za m'ma 1950, pa nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, zimenezi zinali za lamulo. Anthu analipitsidwa, ena anamangidwa, ndipo dzina la malimidwe linasanduka lowawa m'midzi. Cikakamizo cinali coipa, ndipo cinatha. Cipunzitso ceni ceni ciri cabwino kufikira lero pa cidikha ca Lilongwe ndi Kasungu ndi pa mitsetse yofatsa, pamene mdani wathu ndi kukokoloka kwa cajila ndi ng'amba ya pakati pa dzinja. Koma pa mtsetse woti munthu polima agwira pansi ndi dzanja, pamene dothi liri locepa pamwamba pa thanthwe, kumwetsa nthaka madzi onse ndiko kusenzetsa phiri katundu ndi kulidzoza mafuta kunsi. Walira mvula walira matope. Malamulo akale aja anali ndi mbali ina imene tinaitaya pamodzi ndi cikakamizo: analetsa kulima konse pa malo otsetsereka kwambiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Pa malo otere funso siliri la mtundu wa mizere. Malowo si a khasu.

Ndidziwa yankho, pakuti ndalimva kambiri: "Nanga tikalime kuti?" Liri funso loona, ndipo amene ali ndi theka la ekala sangadye uphungu. Koma pali kusiyana pakati pa kulima cimanga pa mtsetse ndi kugona kunsi kwace. Munda ukapita, mwataya cakudya ca caka cimodzi. Ngati simungasiye mundawo, cotsani nyumba pa njira yace, ndipo mbali ya pamwamba koposa muibwezere ku mitengo, nsungwi ndi udzu wa vetiva, kuti madzi ocokera kumtunda apatutsidwe ndi mlambala wopita ku khwawa la miyala, osati kuima m'munda.

Za mitengo tisanamizane. Mizu igwira dothi la pamwamba, mita imodzi kapena awiri, ndipo masamba amwa madzi ambiri a m'nthaka. Cotero nkhalango icepetsa kwambiri zigumukire zazing'ono, zimene ndizo ziculuka. Koma cigumukire cakuya, coyambira m'thanthwe, citenga nkhalango yomwe, monga anaona a ku Mulanje. Mtengo uli cithandizo, suli linga. Dziwaninso kuti mtengo ukadulidwa, phiri silifooka caka comweco. Citsa cigwirabe kufikira mizu itaola, zaka zingapo pambuyo pace, ndipo pamenepo m'malo mwa mizu mutsala timauna tolowetsa madzi. Ncifukwa cace munthu anena kuti, "Tinadula kale kale ndipo sipanacitike kanthu."

Ife a fodya tiri ndi mlandu pamenepa. Cigafa ca bale cifuna mitengo ya mafoloko ndi mapaso, cikopa cifuna nkhuni za utsi, ndipo balani la fuluu lidya mitengo usana ndi usiku. Mlimi amene abzala fodya osabzala mitengo yace ya pa munda atenga ngongole kwa phiri. Ndipo ife a m'tauni tisaloze cala. Makala amene afika ku Mgona, ku Area 25, ku Kawale ndi ku Chinsapo pa njinga m'mawa uli wonse acokera ku mapiri, ambiri ku Dzalanyama, kumene kucokeranso mtsinje wa Lilongwe umene timwa. Mu 2015 Boma linafika potumiza asilikari kukalonda nkhalango imeneyo. Mbaula ya pa khonde langa iri ndi gawo lace m'nkhaniyi, ndipo ndinena ici ndi manyazi.

Ngakhale muno m'cidikha tiri ndi timapiri tathu topanga tokha: maenje oumbira njerwa, magombe a mitsinje amene akumbidwa kunsi pofuna mcenga, ndi nyumba za zidina zomangidwa pa mlomo pa zigwembe. Khoma la dothi lotalika kuposa munthu, loima ciriri, lonyowa, litsata lamulo lomwelo la licero. Cibvomezi ca ku Salima cinamveka bwino lomwe mu Lilongwe, ndipo nthawi imeneyo anthu okhala m'malo otere anali ocepa poyerekeza ndi lero.

Cibvomezi cikadutsa

Nthaka ikagwedezeka muli pa mtsetse kapena kunsi kwa phompho, cokanipo msanga, maso ali kumtunda. Musathawire m'khwawa kapena kutsika motsata khwawa, pakuti imeneyo ndiyo njira ya matope, ndipo palibe munthu angawapose liwiro. Thawirani cam'mbali, ku msana wa citunda. Musabwerere tsiku lomwelo kukatenga mbuzi kapena mabelo. Cibvomezi cacikulu ciri ndi ana ace otsata pambuyo, masiku kapena masabata, monga anaona a ku Karonga, ndipo mwala umene unatsala polenjekeka udikira iwo.

Zikakhala bata, amuna awiri kapena atatu akwere pamodzi, kunja kuli kouma, nayendere pamwamba pa minda ndi pa mudzi. Afune ming'alu yopingasa phiri, makamaka yokhota ngati mwezi watsopano, ndi malo amene nthaka yatsika nipanga sitepe. Ayang'ane mitengo imene yapendama, mizere imene inali yoongoka ndipo yakhota, ndi patsinde ngati nthaka yatupa. Amai ndiwo adziwa za madzi: afunseni ngati kasupe wauma mwadzidzidzi, ngati wayamba kuturutsa madzi a matope, kapena ngati pabuka madzi pamene panali pouma. Citseko cimene cayamba kukana kutsekeka cinenanso kanthu. Ndipo mtsinje ukaphwa pakati pa mvula, musakondwe ndi kupita kukatola nsomba. Watsekeka kumtunda, ndipo udzabwera wonse nthawi imodzi. Tumizani mau ku midzi ya kunsi.

Mukapeza mng'alu, uzani a mfumu ndi mlangizi wanu, kuti mau afike kwa bwana wa Boma. Nthambi yoona za miyala, imene likulu lace liri ku Zomba, ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndizo ziyenera kudzaona. Koma musakhale manja lende podikira. Khomani zikhomo ziwiri zolimba, cina kumtunda kwa mng'alu, cina kunsi, ndipo dulani ndodo yolingana ndi mpata wa pakati pao. Yesani ndodoyo sabata iri yonse, ndipo m'dzinja tsiku liri lonse. Pangani zikhomo zotere pa malo atatu. Mpata ukakhala umodzimodzi, tsekani mng'alu ndi makande, tsindirani bwino, ndi kupatutsa madzi a kumtunda kuti asalowemo. Ndodo ikayamba kucepa, phiri liri pa ulendo. Ikacepa lero kuposa dzulo, ndi dzulo kuposa dzana, musagonenso kunsi kwace usiku umenewo, ngakhale thambo liri ndi nyenyezi.

Mkulu uja anamva zonsezi ali cete, napempha kuti ndibwereze za zikhomo. Caka cotsatira anabweranso ndi fodya, ndipo anandifunafuna. Anati ndodo inakwana bwino cirimwe conse, koma mu January inacepa ndi zala ziwiri m'masiku anai. Anasamutsa banja kukagona kwa alamu ao kutsidya kwa khwawa, ndipo atakolola anaphwasula nyumba, nanyamula malata ndi zitseko kukamanga pa msana wa citunda, pamene madzi ali kutali ndipo amai adandaula. Anansi ena anawaseka, pakuti phiri silinagwe caka cimeneco. Mizere isanu ndi umodzi ya pamwamba anabzalamo nsungwi ndi mthethe. Mng'alu ukalipo, anatero, ndipo ndodo aisunga pa tsindwi. Auyesa Lamulungu liri lonse pocokera kopemphera.